Kadiso ka Mfumu ndi Matimati a Nasoko

Kuseri kwa mapiri amene aphunzitsi athu sanatisonyezepo pa mapu a m'kalasi kuli dziko lotchedwa Mawondo. Anthu akumeneko ndi aulemu, mwinanso mopyola muyeso. Ali ndi mwambo umodzi umene mwana amauphunzira asanayambe n'komwe kuvala kabudula: diso la mfumu likakugwera, umasiya chilichonse chimene ukuchita, n'kugwada pansi, n'kumaomba m'manja mpaka disolo litapita kwina. Kaya wasenza ndowa, kaya ukumeta munthu ndipo wafika pakati pa mutu, kaya njuchi zikukuthamangitsa, mwambo ndi mwambo.

Kwa zaka zambiri mwambowu sunkavutitsa munthu. Mfumu Ndionereni inali ndi maso awiri okha ngati ine ndi inu, ndipo masowo nthawi zambiri ankathera pa kalilole. Ikatuluka kunja mwa apo ndi apo, anthu ankagwada pang'ono, n'kusansa fumbi, moyo n'kupitirira.

Zinthu zinasintha pamene Nduna ya Zonyamula ndi Zotula, a Zoonadi, anabwerako ku msonkhano wa kunja kwa dziko ali ndi masutikesi atsopano, mimba yatsopano, ndi nzeru imodzi.

"Mwini dziko," anatero a Zoonadi m'bwalo la mfumu, atagwada mosamala kuti suti isakwinyike, "zaka zonsezi katundu wathu wakhala akuyenda mumdima. Lole ikanyamuka kumapiri ndi matimati, palibe amene amadziwa pamene ili. Dalaivala amati ali pa mlatho, chonsecho ali pa chiwaya akudya tchipisi. Amati tayala laphulika, chonsecho ali kwa mkazi wamng'ono. Anzathu akunja anasiya kalekale kufunsa dalaivala. Amafunsa kumwamba."

"Kwa Mulungu?" inafunsa mfumu.

"Pansi pake pang'ono, Mwini dziko. Kuli makina amene amazungulira mumlengalenga."

Anatsegula sutikesi n'kutulutsa kabokosi kakuda, kofanana kukula ndi sopo wochapira. Anafotokoza kuti kabokosi kotere kakamangidwa m'lole, kamauza makina a mumlengalenga pamene loleyo ili, makinawo n'kuuza chikanema chachikulu chimene chipachikidwe m'bwalo momwemo. Lole iliyonse izioneka ngati kadontho koyenda pa mapu, pansi pake patalembedwa katundu ndi mwini wake. Ngakhale eni katundu azitha kuona kadontho kawo pa foni.

"Ndiye ine ndiziwaona onse?"

"Onse, nthawi yomweyo. Lole ikangotsokomola, inu mwaona kale. Ndipo pali china chimene ndawonjezera ndekha, choti ngakhale akunjawo alibe." A Zoonadi analoza kagetsi kobiriwira pamwamba pa kabokosiko. "Kadontho ka lole kakakhala pa chikanema chanu, aka kaziyaka, kuti dalaivala adziwe kuti diso la mfumu lili pa iye. Achite mantha, aziyenda osaimaima."

Nduna zonse zinaomba m'manja. Panalibe ndi imodzi yomwe imene inaganizira mawu amene inangomva kumenewo, chifukwa ku Mawondo kuomba m'manja ndiko kumayamba, kuganiza kumabwera pambuyo ngati nthawi yatsala.

Tsiku lotsegulira kunali magule, kwaya ya amayi ovala nsalu za nkhope ya mfumu, ndi riboni yomangidwa pa chikanema. Mfumu inadula riboniyo n'kudina batani. Mapu a dziko lonse anawala, ndipo anthu anati "aaa!" poona timadontho tikuyenda ngati nyerere zimene zamva shuga: simenti, mchere, feteleza, sopo, matimati.

Kenaka kadontho ka simenti kanaima. Ka mchere kanaima. Mfumu isanamalize kumeza malovu, timadontho tonse tinali titaima ngati tojambula ndi choko.

"Zoonadi, chinthu chako chafa."

A Zoonadi anatuluka thukuta n'kuimbira foni dalaivala wina. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbira wina, chimodzimodzi. Wotsatira anayankha, zikuoneka kuti anadina ndi chigongono, ndipo bwalo lonse linamva phokoso la phu, phu, phu.

"Bwana nduna, pepani, sindingalankhule bwino. Ndili pa ulemu."

"Ulemu wanji pamsewu?"

"Kagetsi kayaka, bwana. Mfumu ikundiona."

Ndi mmene zinalili dziko lonse. M'misewu yonse ya Mawondo malole anali ataima m'mbali, madalaivala atatsika, atagwada pa phula, akuomba m'manja moyang'ana kagetsi.

Mfumu inayang'anitsitsa chikanema. Kenaka misozi inalengeza m'maso mwake.

"Onsewa akugwadira ine? Nthawi imodzi? Ngakhale wa feteleza uyo ali kumalire uyo?"

"Ngakhale ameneyo, Mwini dziko."

Inalamula kuti mpando wachifumu usunthidwe, uyang'ane chikanema.

Patapita masiku, nduna zinakumana kuti zione chochita. Nduna ya Miyambo inati mwambo sungakhudzidwe, chifukwa dziko la Mawondo likasiya kugwada lisowa ndi dzina lomwe. Wina ananong'ona kuti mwina mfumu ingamayang'aneko kumbali pang'ono. Munthu ameneyo tsopano ndi kazembe ku dziko lakutali kumene kulibe netiweki. Pomaliza anatulutsa lamulo loti madalaivala aziyendetsa atagwada. Amene anayesa anapeza kuti bondo silifika pa buleki, komanso manja amene akuomba sagwira chiwongolero, moti lole ya mazira inakathera m'dimba la nzimbe. Anakhazikitsanso Komiti Yofufuza Chimene Timadontho Taimira, koma galimoto ya komitiyo inali ndi kabokosi, ndipo inagwada pageti.

Wailesi ya ufumu sinaone vuto lililonse. Inalengeza kuti chifukwa cha nzeru za mfumu, ngozi za malole zatheratu m'dziko muno, kupatula ya mazira ija, ndipo palibenso dalaivala amene amadya tchipisi nthawi ya ntchito.

Katundu ankayenda pokhapokha magetsi akathima kunyumba yachifumu. Chikanema chikazima, tigetsi tonse tinkazima, madalaivala n'kudumphira m'malole ngati achule. Kwa nthawi yoyamba chiyambire dziko, anthu anayamba kupita ku ofesi ya magetsi ndi nkhuku kukathokoza. Koma a Zoonadi, poona kuti mfumu ikumanyanyala chikanema chikada, anagula jenereta. Mfumu nayo inayamba kumagona pampando pomwepo, chikanema chili chiyakire, ndipo popeza kagetsi sikadziwa kusiyanitsa mfumu yoyang'ana ndi mfumu yoliza mkonono, ulemu sunkapuma.

Ku msika wa Dikirani, mumzinda waukulu, mabenchi anayamba kuoneka nthiti. Anthu ankangocheza atagwira mafoni.

"Mchere wako uli pati lero?"

"Pomwe unali dzulo. Wakhazikika. Mwina umanga nyumba."

"Ine sopo wanga waima pafupi ndi tchalitchi. Akabwera abwera atabatizidwa."

Amene sankaseka nawo anali mayi Nasoko, ogulitsa matimati. Benchi yawo inali pakhomo penipeni pa msika, pansi pa mtengo wa mango, ndipo anasiyiridwa ndi malemu mayi awo. Lamulo la msikawo linali lakuti benchi ikapezeka yopanda katundu Loweruka, tsiku la msika waukulu, imapatsidwa kwa wina. Winayo analipo kale: mlamu wa tcheyamani wa msika, wogulitsa makava a foni, amene m'mawa uliwonse ankabwera kudzayeza benchiyo ndi maso. Tsikulo linali Lachisanu. Matimati onse a mayi Nasoko anali m'lole ya dalaivala wina, a Dzimbiri, ndipo foni inkasonyeza kuti aima pa Mtengo Umodzi, kunja kwa mzinda. Dzuwa linali la Okutobala.

"Kale sindinkadziwa pamene katundu wanga ali, koma ankafika," anatero mayi Nasoko. "Lero ndikudziwa bwinobwino pamene akuwolera."

Anamanga chitenje m'chiuno n'kukwera kabaza. Njinga zinalibe timabokosi, moti masiku amenewo akabaza ndi amene ankayenda mwamatama, ena mpaka anayamba kuvala mataye.

Mayi Nasoko anawapeza a Dzimbiri atagwada pa thumba lopindapinda pambali pa lole, ndevu zitamera, akuomba m'manja pang'onopang'ono ngati munthu amene nyimbo inamukwana kalekale. Kumbuyo kwa lole kunkadontha madzi ofiira, ntchentche zitachita msonkhano.

"A Dzimbiri, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera mwaulemu, mayi. Kaya inu."

"Matimati anga akulira misozi ya magazi, inu muli pa kwaya."

"Musandiseke, mayi. Bondo ili ndinasiya kulimva. Chakudya akundidyetsa ndi anthu odutsa, ngati mwana wa nkhunda. Mkazi wanga akuona pa foni kuti ndakhazikika pa Mtengo Umodzi, ndiye akufuna ndimuuze dzina la mkazi wa pa Mtengo Umodzi."

"Dzukani tizipita."

"Kagetsi, mayi."

Mayi Nasoko anasuzumira m'lole. Kabokosi kanali pomwepo pafupi ndi chiwongolero, kagetsi kali ngwee. Anakagwira ndi manja awiri n'kukazula ndi mawaya ake omwe. Kanali ndi batire lake mkati, moti kanapitiriza kuyaka ngati palibe chimene chachitika. Anavula chitenje chapamwamba, kukakulunga kolimba, n'kukhala pampando phukusi lili pamiyendo.

"Mukukaona kagetsi?"

"Ayi."

"Ndiye kuti mfumu ikuona maluwa a pa chitenje changa. Maluwawo agwade okha. Lizani galimoto."

A Dzimbiri anaganiza. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana bondo lawo, kenaka anati mmene iwo akukumbukirira, mwambo sunatchulepo za chitenje. Lole inalira.

Kunyumba yachifumu mfumu inalumpha pampando. "Kakuyenda! Kamodzi kakuyenda!" Inasangalala ngati mwana woona ndege, mpaka a Zoonadi anaikumbutsa kuti kuyenda mfumu ikukuyang'ana ndi mwano. Pamenepo inakwiya kwambiri, n'kulamula kuti kadonthoko kamangidwe.

Pa rodibuloko yolowera mumzinda, sajeni wina wamtali anaimika dzanja.

"Ndalamulidwa kumanga kadontho. Kadontho ndani pano?"

A Dzimbiri analoza mayi Nasoko mofulumira kuposa mmene mwamuna amayenera kuchitira. Mayi Nasoko anakweza phukusi.

"Kali umu, bwana. Katengeni, ife tidutse."

"Kapita ndi wokanyamula. Tsikani."

"Chabwino, ine nditsika. Koma lole ipite kumsika."

Sajeni anayang'ana foni yake, n'kupukusa mutu. "Kadontho kakachoka, pano patsala chiyani? Lole yopanda kadontho kulibe. Ndingatsegulire bwanji chinthu choti kulibe?"

"Bwana, mukuiona ndi maso anu. Ikukudontherani pa nsapato."

"Maso anga si a boma, mayi."

Choncho a Dzimbiri anatsala padzuwa, m'lole yoti kulibe, pamene sajeni ndi mayi Nasoko anakwera kabaza aliyense yake kulunjika kwa mfumu.

M'bwalo muja palibe amene ankadziwa kuti kabokosi kasiyana ndi lole. Onse ankangoona kadontho kolembedwa kuti "Matimati, Nasoko" kakuyandikira.

"Mwini dziko, loleyo yalowa mumzinda," anatero a Zoonadi.

"Yakhota pa positi ofesi."

"Yalowa pageti!"

"Ikukwera masitepe!"

Nduna ya Chitetezo inali yoyamba kulowa pansi pa tebulo. Zinzake zinaitsatira, ndipo pansi pa tebulopo panachitika kukanganirana malo kumene sikunaonekepo ngakhale pogawana maudindo. Chitseko chinatseguka, n'kulowa mayi wamfupi wovala silipasi, phukusi m'manja, sajeni pambuyo.

Mfumu inasuzumira kuchokera kuseri kwa mpando. Diso lake linagwera mayi Nasoko, ndipo iwo, poti analeredwa bwino, anaika phukusi pansi, kugwada, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Lole ili kuti?" inafunsa mfumu.

"Kulibe, Mwini dziko. Afunseni a sajeni."

"Iwe ndiwe amene umayenda ine ndikukuyang'ana?"

"Si ine, Mwini dziko, ndi matimati. Ife anthu tikhoza kugwada mpaka Khirisimasi, koma matimati sadziwa mwambo. Mukawayang'anitsitsa amangowola." Phu, phu, phu. "Mawa ndi Loweruka. Benchi ya malemu mayi anga ikapezeka yopanda kanthu, ipita kwa wogulitsa makava a foni."

Za benchizo mfumu sinamve. Maso ake anali pa phukusi. Chigulireni timabokosi, inali isanagwirepo ndi kamodzi komwe, poti mafumu amagula zinthu, sazigwira. Inamasula chitenje, kunyamula kabokosi, n'kupita nako kuwindo kuti ikakaone bwino. Pa chikanema kadontho kanasuntha. Mfumu inabwerera. Kadontho kanabwerera. Inapita kumanzere, kadontho kumanzere.

"Zoonadi. Uyo ndine?"

A Zoonadi anatulutsa mutu pansi pa tebulo. "Ndinu amene, Mwini dziko."

"Nanga bwanji ndachepa chonchi? Ine ndingafanane ndi mchere? Ndikulitse."

A Zoonadi anayamba kukoka mapu ndi zala kuti akule. Malire a dziko anatuluka pa chikanema, wa feteleza uja n'kupita nawo.

"Onjeza."

Mapiri anatuluka, milatho inatuluka, Mtengo Umodzi unatuluka.

"Onjezanso. Ukuopa chiyani?"

Pomaliza pa chikanema panatsala nyumba yachifumu yokha, pakati pake pali chidontho chimodzi chachikulu ngati lichero.

Nthawi yomweyo tigetsi tonse ta m'misewu tinazima, popeza timadontho tawo sitinalinso pamaso pa mfumu. Kutali kunamveka mkokomo ngati mvula yoyamba ikubwera: anali malole a dziko lonse akulira pamodzi. M'bwalo muja aliyense anaumva, ndipo aliyense anaganiza kuti ndi bwino asautchule.

Kanatsala koyaka kagetsi kamodzi kokha, ka m'manja mwa mfumu. Nduna ya Miyambo inatsokomola.

"Mwini dziko, pepani kwambiri, koma kayaka."

Mfumu inayang'ana kagetsi, inayang'ana chidontho chija. Ndikuchita manyazi pang'ono kulemba zotsatirazi, koma ndi mmene zinachitikira. Mfumu Ndionereni inaika kabokosi m'thumba la pamtima, kukweza mkanjo wake pang'ono, kugwada, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Chibadwire," inatero, "sindinaonepo munthu woyenera ulemu ngati ameneyu."

Mayi Nasoko anadikira pang'ono. "Mwini dziko, nanga lole ija?"

"Choka, ukunditchinga."

Anatola chitenje chawo n'kutuluka. Sajeni, posadziwa amene wamangidwa ndi amene wamasulidwa, anawatsatira.

Anafika pa rodibuloko dzuwa litapendeka. Malole ankadutsa motsatizana, iliyonse ndi kadontho kake, koma ya a Dzimbiri inali pomwe inatsala, ikudontha. Sajeni anatulutsa foni kuti atsimikize kuti loleyo kulibedi. Anachita tsinya.

"Apa akuti Matimati, Nasoko, ali kunyumba yachifumu."

"Eya," anatero mayi Nasoko.

"Ndiye kuti anadutsa kale pano."

"Mwanena ndinu a boma."

"Chinthu choti chinadutsa kale sindingachiimitse. Ndingaoneke wopusa."

Anakweza chitsulo chotchingira msewu, n'kutembenukira kutchire kuti asaone chimene sichikudutsa.

Loweruka m'mawa mlamu wa tcheyamani anafika ndi makava ake m'chikwama, n'kupeza benchi itafiira. Madengu apansi anali atasanduka phala, ndipo mayi Nasoko anawapereka kwa amayi ophika m'malesitanti a kuseri kwa msika. Apamwamba anapulumuka, anaunjikidwa timilu tokongola pansi pa mango. Mlamu uja anaima pang'ono, anagula mulu umodzi kuti asaoneke ngati anabwerera china, n'kumapita. A Dzimbiri anayenda ngati bakha kwa nthawi ndithu, ndipo nkhani ya mkazi wa pa Mtengo Umodzi mpaka pano sinathe kunyumba kwawo.

Kuyambira pamenepo katundu ku Mawondo amayenda bwino kuposa kale lonse. Eni katundu amaona malole awo pa foni, wa mchere amadziwa nthawi yotsegula sitolo, madalaivala amadya tchipisi mothamanga, ndipo a Zoonadi analandira mendulo. Mfumu sivula kabokosi kake. Imadzigwadira m'mawa, imadzigwadira masana, ikatopa imazungulira bwalo cham'mbali kuti idzione ikuyenda, ndipo inaletsa aliyense kuchepetsa mapu.

Kungoti palibe amene anakumbukira kusintha dzina la kadonthoko, kapena kukachotsa pa foni ya mayi Nasoko. Choncho masiku ano amene akufuna kudziwa za boma satsegula wailesi. Amapita pa benchi ya pansi pa mango.

"Mayi, matimati ali pati lero?"

Mayi Nasoko amapukuta manja pa chitenje n'kuyang'ana foni. "Angochoka kumene kuchipinda chodyera."

"Akupita ku msonkhano wa nduna?"

"Ayi. Alowa m'kachipinda kakang'ono kakuseri kaja."

"Abwereranso komweko?"

"Akhalitsako ndithu. Lero musayembekezere lamulo latsopano."

Mwambo wa ku Mawondo umanena momveka bwino chochita diso la mfumu likagwera munthu. Sunanenepo chochita maso a msika wonse akagwera mfumu. Akuti komiti ikufufuza.